Kasisitidwe ka munthu amene amuika impso yatsopano

Ine ndinali gadiyani wa achemwali anga atakawaika impso ku India, ndipo chimene chinatisautsa kwambiri sichinali bala ayi, unali usiku. Manja kunjenjemera chifukwa cha mankhwala oletsa thupi kukana impso otchedwa tacrolimus, ena otchedwa prednisolone nawonso amabalalitsa tulo, ndiye munthu amangogona chagada kumaganiza kuti mwina thupi liikana impsoyi. Chimene chinkawakhazika mtima pansi n'kuwasisita basi. Koma pali kachitidwe kake.

Yambani mwafunsa adokotala. Akavomera, sambani m'manja ndi sopo, zikhadabo wengani, ndipo ngati muli ndi chimfine musayandikire n'komwe, paja mankhwala akumwawo amatsitsa dala chitetezo cha m'thupi kuti lisalimbane ndi impso yobwerayo.

Pamimba osakhudzapo. Ambiri timaganiza kuti impso yatsopano amaiika kumsana, ayi ndithu, imakhala kutsogolo m'munsi mwa mimba chakumbali, pomwe pali balapo, ndipo palibe nthiti zoitchinga. Inuyo malo anu ndi mapewa, khosi, zikhatho ndi mapazi. Mkono umene uli ndi fistula, pamene analumikiza mitsempha kuti azichitirapo dayalisisi (kusefa magazi ndi makina), usiyeni.

Pakani kaloshoni kopanda fungo m'manja mwanu, mupekese manjawo atenthe kaye, manja ozizira amadzidzimutsa. Kenako sisitani pang'onopang'ono ngati mukugoneka mwana, osati zija za osewera mpira zofinya mpaka munthu kukuwa. Tsiku loyamba ine ndinaonjeza mphamvu paphewa ndikuti ndikuthandiza, m'mawa pali chibanga chakuda, kani prednisolone amafewetsa khungu. Mphindi 10 kapena 15 zakwana. Ine ndinkayambira kuphazi, chala chimodzichimodzi, uku ndikuwauza kuti, “Achemwali, kokani mpweya, tulutsani pang'onopang'ono,” nthawi zambiri ndisanafike phazi lachiwiri ayamba kale kuwodzera.

Mukaona mwendo umodzi watupa, katumba akutentha kapena kuwawa, musasisite, mwina magazi aundana mumtsempha ndipo mukafinya akhoza kuthamangira kumapapo. Thamangani kuchipatala. Chimodzimodzi thupi likatentha kufika madigiri 38, mkodzo ukachepa kapena pomwe pali impsopo pakayamba kuwawa.

Za mankhwala opha ululu a Brufen ndi diclofenac iwalani, zimaononga impso, ngakhale wopaka uja funsani kaye. Achibale abwera ndi zitsamba, ena mpaka kufuna kutemera mphini, akanizeni mwaulemu koma osagonja. Azakhali athu anatinyanyalira sabata yathunthu chifukwa cha kabotolo kawo kamene tinakabweza.