Momwe mungakonzekerere mwana wanu asanachoke pa inshuwalansi ya mano ndi maso ya boma la America

Amalawi ambiri amene amagwira ntchito m'boma la America, kaya ndi ku positi, m'zipatala za asilikali opuma kapena m'maofesi a ku Washington, amadziwa kuti mwana amakhala pa inshuwalansi ya chipatala ya kholo lake mpaka zaka 26. Izi ndi zoona pa FEHB, yomwe ndi inshuwalansi ya chipatala ya ogwira ntchito m'boma, potsatira lamulo la zaumoyo la mu 2010. Koma inshuwalansi ya mano ndi maso, yotchedwa FEDVIP, ili payokha ndipo lamulo lija silinaikhudze. Mwana amachokapo akangokwanitsa zaka 22, kapena akalowa m'banja asanafike msinkhuwo, ngakhale atakhala kuti akadali pa koleji. Kwa mabanja a asilikali malire ake ndi zaka 21, kapena 23 ngati mwanayo ali pasukulu.

Choyamba, kutatsala chaka chathunthu kuti mwanayo achoke, lowani pa BENEFEDS, tsamba la pa intaneti lolembetsera FEDVIP, ndi kuona mtundu wa inshuwalansi yomwe munalembetsa komanso tsiku lobadwa la mwanayo monga linalembedwera. Ngati mukufuna kusamukira ku pulani yomwe imalipira zambiri m'chaka chomalizachi, nthawi yake ndi Open Season, yomwe imayamba chapakati pa Novembala ndi kutha chapakati pa Disembala. Boma siliwonjezera kalikonse pa ndalama za FEDVIP. Zonse zimadulidwa ku malipiro anu, kungoti zimachoka msonkho usanawerengedwe.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe pali nkhani yaikulu, pititsani mwanayo kwa dokotala wa mano kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, osati milungu iwiri. Mupemphe kuti amujambule m'kamwa monse ndi kulemba ntchito yonse yofunika: kutsuka, kumata mano obooka, ndi kuzula mano akumapeto aja amene amamera mochedwa, omwe amavutitsa anthu ambiri pa msinkhu umenewu. Chifukwa chake ndi chakuti ntchito zina za mano sizitha tsiku limodzi. Mwana wanga wamkazi anayamba kukonzedwa dzino lachibwano kutatsala masiku ochepa kuti akwanitse zaka 22. Anachotsa mtsempha wa dzinolo, anayeza muyeso wa chophimba chake, n'kumuika chongoyembekezera chomwe chinkagwedezeka akamatafuna, ndipo anati abwerenso chenichenicho chikafika. Chinafika tsiku lobadwa litadutsa. Inshuwalansi inalipira gawo loyamba lokha, pomwe bilu ya chophimbacho, yoposa madola 1,000, inabwera kunyumba m'dzina langa. Wa pa kauntala ya chipatalacho anangoti, "Bambo, pa kompyuta pano mwanayu sakuonekanso," ndipo panalibe woti ndikangane naye, popeza m'kabuku ka pulaniyo zinalembedwa momveka.

Choncho funsani kampani yanu ya inshuwalansi kuti imawerenga tsiku liti pa ntchito yotere, loyamba kapena lomaliza, pakuti makampani amasiyana, ndipo yankholo likhale lolembedwa. Mupemphenso chipatala kuti chitumize ku kampaniyo chiyerekezo cha mtengo ntchito isanayambe. Ngati mwanayo ali ndi waya wowongola mano, funsani kuti ndalama zotsala zidzalipiridwa bwanji, chifukwa kawirikawiri zimaperekedwa pang'onopang'ono ndipo zimaima mwanayo akachoka. Dziwaninso kuti FEDVIP ilibe masiku 31 owonjezera amene FEHB imapereka, ndiponso simungailipire panokha kuti ipitirire. Amene amatsalapo ndi mwana yekhayo amene ali ndi ulumali womulepheretsa kudzisamalira, womwe unayamba asanakwanitse zaka 22, ndipo zikalata zake zimadzera ku ofesi yoona za ogwira ntchito kwanuko.

Za maso sizivuta kwenikweni. Akapimitse, atenge magalasi atsopano, ndipo asachoke popanda pepala la muyeso wa maso ake, lomwe malamulo a America amalamula dokotala kupereka. Ndi pepalalo adzatha kugula magalasi pa intaneti kapena ku sitolo ya Costco pa mtengo wotsika kwambiri.

Chachitatu, tsiku lobadwa likadutsa, bwererani pa BENEFEDS. Ngati uyu anali mwana womaliza, tsitsani kuchoka pa Self and Family (ya banja lonse) kupita pa Self Plus One (ya inu ndi munthu mmodzi) kapena Self Only (ya inu nokha) pasanathe masiku 60, kuti musamalipirire munthu amene sakupindulanso.

Chachinayi, m'pezereni pena pogwira. Ngati wayamba ntchito, afunse kwa abwana ake. Ngati ali pasukulu, makoleji ena ali ndi pulani ya ophunzira. Mukhozanso kumugulira yakeyake, koma zambiri zotere zimadikiritsa munthu miyezi 6 mpaka 12 zisanalipire ntchito zikuluzikulu. Chenjerani ndi anthu oimba foni amene amagulitsa makadi ochotsera mtengo ngati kuti ndi inshuwalansi. Khadi lotere sililipira kanthu, limangotsitsa mtengo kwa madokotala ochepa, ndipo ena mwa olembedwawo mukawaimbira amati salidziwa. Kwa amene ali pafupi, sukulu za madokotala a mano, monga ya Howard University ku Washington ndi ya University of Maryland ku Baltimore, zimathandiza anthu pa mtengo wotsikirapo, ngakhale ntchito imachedwa popeza mphunzitsi amayendera chilichonse.

Pomaliza, werenganinso kabuku ka FEHB yanu, poti mapulani ena amalipirako kupima maso ndi kutsuka mano. Lembetsaninso FSAFEDS, akaunti yosungamo ndalama zochoka ku malipiro anu msonkho usanawerengedwe, yomwe imalola kulipirira mano ndi magalasi a mwana mpaka kutha kwa chaka chomwe wakwanitsa zaka 26. Imeneyi siipitirira yokha, imafuna kulembetsa chaka chilichonse pa Open Season.