Mmene Mungafufuzire Mwezi wa Pulaneti Lozungulira Nyenyezi Ina

Mwezi wa pulaneti lakutali simungauone pa chithunzi. Chomwe muli nacho ndi kuwala kwa nyenyezi basi, ndi mmene kumazilalira pulaneti likamadutsa kutsogolo kwake. Mpaka pano palibe mwezi wotere womwe watsimikizika, ndiye ntchito yaikulu ndi kupewa kudzinamiza nokha.

Yambani ndi kusankha pulaneti. Mapulaneti aakulu omwe ali pafupi kwambiri ndi nyenyezi yawo, ozungulira m'masiku atatu kapena anayi, asiyeni, chifukwa kukoka kwa nyenyeziyo sikulola mwezi kukhalitsa. Mwezi umakhazikika ukakhala mkati mwa pafupifupi theka la dera lomwe pulaneti limagwira ndi mphamvu yake yokoka, lotchedwa Hill sphere, ndipo derali limakula pulaneti likatalikira nyenyezi. Funani lalikulu ngati Jupiter, lozungulira masiku mazana angapo. Kuipa kwake n'kwakuti lotere limadutsa mwa apo ndi apo. Telesikopu ya Kepler inayang'ana mbali imodzi ya thambo kwa zaka zinayi kuyambira 2009, koma pulaneti la Kepler-1625b, lozungulira masiku 287, inalijambula likudutsa katatu kokha.

Miyezo ya kuwala ya matelesikopu a Kepler ndi TESS imapezeka mwaulere ku MAST, nkhokwe ya pa intaneti ya miyezo ya matelesikopu, ndipo pulogalamu ya Lightkurve ya Python imaikoka mosavuta.

Poyeretsa miyezoyi m'pamene ambiri amagwa. Kuwala kwa nyenyezi kumakwera ndi kutsika pakokha chifukwa cha mawanga ake, nayo telesikopu imatentha ndi kuzizira. Muyenera kuchotsa zonsezi osafufuta mwezi, komanso osapanga mwezi pomwe palibe. Musanawongole mzere woonetsa kukwera ndi kutsika kwa kuwalako, patulani nthawi yonse ya kudutsa, n'kuwonjezerapo maola ambiri mbali zonse ziwiri, poti mwezi ukhoza kutsogola kapena kutsalira. Yeretsani m'njira zitatu zosiyana. Kuwala kukazilala, pamzerewo pamaoneka kadzenje, koma kadzenje kooneka m'njira imodzi yokha musakakhulupirire.

Dziwaninso kuchepa kwa chomwe mukufuna. Jupiter atadutsa pa Dzuwa angachepetse kuwala ndi 1 peresenti, Dziko ndi magawo 84 pa miliyoni, pomwe Ganymede wa Jupiter, mwezi waukulu kwambiri mwa yonse yomwe tikuidziwa, ndi magawo 14 okha. Kadzenje ka mwezi sikakhala pamalo amodzi: ulendo uno kali kutsogolo kwa dzenje la pulaneti, ulendo wina kumbuyo.

Kenako yezani nthawi. Pulaneti ndi mwezi wake amavina mozungulira malo amodzi a pakati pawo, choncho pulaneti limafika msanga kapena mochedwa. Kusinthaku amakutcha TTV. Kwa Dziko ndi Mwezi, malowo ali makilomita 4,670 kuchokera pakatikati pa Dziko, ndipo pa liwiro la Dziko lozungulira Dzuwa la makilomita 30 pa sekondi, kusiyana kwake ndi pafupifupi mphindi ziwiri ndi theka zokha. Utali wa nthawi yodutsa nawo umasintha, ndiye TDV. Ngati ndi mwezi, ziwirizi zimasinthana: pulaneti likafika msanga kwambiri, utaliwo umakhala wa nthawi zonse. TTV yokha si umboni, pakuti pulaneti lina losaoneka limathanso kukoka linzake.

Za Kepler-1625b zikuonetsa bwino kuvuta kwake. Mu Okutobala 2017 telesikopu ya Hubble inaliyang'ana pafupifupi maola 40, ndipo linadutsa mphindi 78 nthawi yake isanakwane. Potengera kufika msangaku ndi kadzenje kena komwe anaona, akatswiri a zakuthambo Alex Teachey ndi David Kipping analengeza mu 2018 kuti mwina pali mwezi waukulu ngati Neptune. Chaka chotsatira, gulu la Laura Kreidberg litayeretsa miyezo yomweyo m'njira ina, kadzenje ka mwezi sikanapezeke.

N'chifukwa chake musanalengeze kalikonse, iyeseni njira yanuyo. Tengani miyezo ya nyenyezi yomweyo pa nthawi yomwe pulaneti silikudutsa, ikanimo pa kompyuta pulaneti lopeka lopanda mwezi, kambirimbiri, muwerenge kuti pulogalamu yanu yapeza mwezi kangati. Bwerezani ndi pulaneti lokhala ndi mwezi wa kukula komwe mukukudziwa, muone ngati ukubwerera ndi kukula komweko. Ngati miyezi yabodza ikutuluka pafupipafupi, bwererani kukakonza kayeretsedwe musanapemphe nthawi pa telesikopu ina.