Kupempha ndalama zochitira zisudzo za umoyo: zimene ndaphunzira ndi gulu lathu

Pulopozo yathu yoyamba, kalata yopempha ndalama, inali ya masamba 12, ndipo sanatiyankhe n'komwe. Tinathiramo zonse: malungo, Edzi, kolera, mimba za atsikana, mpaka galimoto tinapempha. Ine ndimatsogolera kagulu ka zisudzo kamene kamasewera pa sikelo, amayi akudikira kukweza ana. Amene anatitsegula m'maso ndi namwino wina wachikulire wa pachipatala chathu. Atawerenga anangopukusa mutu nati, "Achimwene, apatu mwapempha Malawi yense. Sankhani vuto limodzi."

Tinasankha ana amene sabwera kudzalandira katemera wachiwiri wa chikuku, uja wa pa miyezi 15. Amayi ambiri mwana akangoyamba kuyenda amasiya sikelo. Apa mpamene ndinaona kuti wazaluso payekha sapita patali, wazaumoyonso chimodzimodzi. Ife tili ndi ng'oma yosonkhanitsa anthu, iwo ali ndi kaundula wosonyeza kukula kwa vuto. Choncho musanalembe chilichonse, pezani mnzanu wa mbali inayo, mupite limodzi kwa a DHO, omwe ndi akulu a ofesi ya zaumoyo ya m'boma lanu, kukapempha kalata yovomereza ntchitoyo. Manambala a m'kaundula musatenge mobisa, ndipo mayina a odwala asatuluke m'chipatala.

Kogogoda kulipo, koma khomo lililonse lili ndi eni ake. COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, ili ndi thumba la Copyright Fund lothandiza aluso, lomwe linadza ndi lamulo la mu 2016. Ku Zomba kuli ArtGlo, bungwe lomwe ntchito yake ndi yomweyi yophatikiza luso ndi umoyo, ndiye ndi bwino kumatsatira zimene amalengeza. A Malawi Liverpool Wellcome, pafupi ndi chipatala cha Queens ku Blantyre, ndi ochita kafukufuku, koma amafuna njira zofikitsira uthenga kwa anthu, kotero kudziwana nawo si kutaya nthawi. Kunja, Prince Claus Fund ya ku Netherlands imapereka mayuro 5,000 kwa aluso 100 ongoyamba kumene pa chaka, kwa munthu payekha. Thumba la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, lotchedwa IFCD limafika madola 100,000, koma ndi la mabungwe, ndipo pempho limadzera ku komishoni ya UNESCO ya m'dziko muno. Beit Trust imathandiza Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, makamaka pa zomangamanga za zipatala ndi sukulu. Kukapemphako ndalama za zovala za sewero n'kudzivutitsa chabe. Kuyambira Januwale 2025, boma la America litaimitsa thandizo lambiri, opempha achuluka pa makomo otsalawa, ndiye musadalire khomo limodzi.

Mapepala konzeranitu chilengezo choitanira mapempho chisanatuluke. Ife tinaphonya mwayi wina chifukwa gulu linalibe akaunti ya kubanki, ndalama tinkasungira pa foni ya msungichuma. Pofika tsiku lotseka, tinali tikadali pamzere kubanki. Lembetsani gulu, mukhale ndi malamulo a gulu olembedwa, TPIN (nambala ya msonkho) ya ku MRA, ndi akaunti yosainira anthu awiri kapena atatu. Ngati gulu lanu silinalembetsedwe, pemphani bungwe lolembetsedwa likusungireni ndalamazo, koma mugwirizane polemba gawo limene iwo adzatengepo. Zithunzi ndi kavidiyo ka mphindi zitatu ka sewero lanu, ngakhale kojambula pa foni, zimalankhula kuposa ndime zisanu zodzitamandira. Pemphani kaye chilolezo kwa amene akuoneka m'menemo.

Chilengezo chiwerengeni kawiri, cholembera chili m'manja. Akati masamba atatu, atatu omwewo. Akafunsa kuti mudzadziwa bwanji kuti zasintha, musati "anthu adzazindikira". Nenani chimene mudzawerenge: ana obwera kudzabayitsa ntchito isanayambe, ndi obwera pakatha miyezi isanu ndi umodzi.

Bajeti ndiye pogwera ambiri. Mukadzaza ndi maalawansi a misonkhano, owerenga amaona msanga. Ikani mtengo weniweni wa kabaza wopita kumudzi wakutali, nsalu, mabatire a sipika, ndi malipiro a osewera. Pa malipirowa musachite manyazi, kusewera ndi ntchito. Kumbukiraninso kuti kwacha imagwa: mu Novembala 2023 inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Funsani ngati amalola kandalama kapadera kothandizira mitengo ikakwera.

Wina akakutumizirani uthenga pa WhatsApp woti mwapambana thandizo koma mulipire kaye ya fomu, ameneyo ndi wakuba.

Ndalama zikalowa, lisiti lililonse ndimamata m'kope tsiku lomwelo. Wa kabaza alibe lisiti, ndiye ndimayenda ndi pepala loti asainepo, kapena adinde chala, ndi nambala yake ya foni pambali.