Lisiti la imelo: lipempheni pa nthawi yake, koma musalidalire kwambiri

Mwatumiza imelo yofunika, kaya ndi lipoti lomwe akuluakulu akulidikira, kaya ndi kalata ya mgwirizano, ndipo padutsa masiku muli chete osamva kanthu. Mtima uli m'mwamba: kodi yafika, kodi aiona? Mapulogalamu ambiri a imelo ali ndi njira yopemphera kuti mudziwitsidwe uthenga wanu ukatsegulidwa. Chidziwitsochi chimatchedwa read receipt, ife pano tizingoti lisiti. N'chothandiza ndithu, kungoti anthu amachisenzetsa katundu woposa mphamvu zake, mapeto ake n'kumakwiyira anzawo osalakwa.

Poyamba dziwani kuti malisiti alipo a mitundu iwiri, ndipo ambiri amawasokoneza. Pali delivery receipt, lomwe limachokera ku seva ya imelo, kompyuta yomwe imalandira ndi kusunga maimelo a anthu. Ntchito yake n'kungonena kuti uthenga wafika m'bokosi la munthuyo, monga mmene kalata imagwera m'bokosi la ku positi mwini wake ali kutali. Palibe munthu yemwe waigwira. Ndiye pali read receipt, lomwe limachokera mu pulogalamu yomwe wolandirayo akuwerengera maimelo ake, pa kompyuta kapena pa foni. Limeneli ndi lomwe anthu amalifuna kwambiri, ndipo ndi lomwenso limavuta.

Chomwe chimatipusitsa ndi chizolowezi cha WhatsApp. Chiyambireni 2014, timizere tiwiri ta buluu tija timatiuza kuti mnzathu wauona uthenga, pokhapokha ngati anachita kutizimitsa dala. Zimatheka chifukwa kampani imodzi ndi yomwe imayendetsa mbali zonse ziwiri, ya wotumiza ndi ya wolandira. Imelo ilibe mwini mmodzi. Inu mukhoza kulemba muli pa Outlook, mnzanu n'kuwerenga pa Gmail, wina pa Thunderbird, wina pa Mail ya iPhone, ndipo pulogalamu iliyonse ili ndi khalidwe lake. Mukapempha lisiti, pulogalamu yanu imangowonjezera mzere umodzi wobisika pamwamba pa uthengawo, wolembedwa kuti Disposition-Notification-To, n'kuikapo adiresi yanu. Basi. Ndi pempho, si lamulo ayi. Ndondomeko ya zimenezi inalembedwa mu 1998 m'chikalata chotchedwa RFC 2298, n'kukonzedwanso mu 2004 ndi mu 2017, ndipo imapereka ufulu kwa wolandira kuti akhoza kungonyalanyaza pempholo osakuuzani kuti wakana. Imanenanso poyera kuti kuonekera kwa uthenga pa sikirini sikutsimikizira kuti munthu wauwerenga kapena waumvetsa.

Kapemphedwe kake n'kosavuta. Pa Outlook ya pa kompyuta, mukamalemba imelo pitani pa Options, muchonge kabokosi ka Request a Read Receipt, ndipo pambali pake pali ka Request a Delivery Receipt ngati mukufunanso kudziwa za kufika kwake. Chitani izi musanadine Send, chifukwa imelo ikapita yapita, simungaimatenso pempho m'mbuyo. Pa Thunderbird, pa windo lolembera pali Options, m'menemo musankhe Return Receipt. Gmail ndi yomwe imakhumudwitsa ambiri: adiresi wamba yaulere ija yothera ndi gmail.com ilibe njira imeneyi, ndiye musataye nthawi kufufuza. Imapezeka pa ma akaunti a kuntchito kapena a kusukulu a Google Workspace okha, ndiponso pokhapokha woyang'anira makompyuta a bungwelo atailola. Ngati anailola, dinani timadontho titatu tomwe tili m'munsi mwa windo lolembera, musankhe Request read receipt. Mail ya Apple ilibe batani lopemphera lisiti, ndipo munthu wowerenga imelo yanu pamenepo saona n'komwe kuti munapempha kanthu.

Tsopano tifike penipeni pa nkhani, pa kamasuliridwe ka lisitilo.

Tinene kuti labwera. Mwalandira kauthenga kokhala ndi mutu woyamba ndi mawu akuti Read, kotchula tsiku ndi nthawi. Chomwe mwadziwa n'chimodzi chokha: imelo ija inatsegulidwa pa chipangizo china chake cha munthuyo pa nthawi imeneyo. Taganizani munthu yemwe wangolowa mu ofesi m'mawa, chikwama chikadali paphewa, chala chili pa batani lotsitsira m'munsi, akudutsa maimelo omwe aunjikana usiku wonse. Yanu yaonekera kamphindi pambali pa sikirini, iye maso ali pa foni yomwe ikulira, wapitirira. Pulogalamu yake ikakhala kuti inatcheredwa kuyankha yokha, imaiwerengera imeloyo m'gulu la zowerengedwa, lisiti n'kunyamuka ulendo wa kwa inu. Inu kuno mukuti waona, iye alibe chomwe wagwirapo. Nthawi zina wotsegula amakhala mlembi kapena mnzake wa mu ofesi yemwe amathandiza kuona bokosi lomwelo. Ndipo lisiti silinena chilichonse za fayilo yomwe munamata pa imeloyo. Munthu akhoza kutsegula uthenga, chikalata chenichenicho osachikhudza.

Nanga likapanda kubwera? Apa ndiye musaweruze munthu ngakhale pang'ono. Mwina anawerenga bwinobwino koma pulogalamu itamufunsa anadina kuti ayi, umene uli ufulu wake. Mwina anawerengera pa foni yomwe silabadira mapempho otere. Mwina bungwe lake linatseka malisiti onse opita kunja. Mwinanso lisitilo linabwera ndithu koma linagwera mu Spam kapena mu Junk yanu yomwe, ndiye yambani mwasuzumira kumeneko. Kusabwera kwa lisiti si umboni wa chilichonse, ndipo kulembera munthu kuti “ndikuona kuti simunatsegule imelo yanga” ndi njira yachidule yodanirana ndi munthu yemwe mwina anaiwerenga kalekale. Pali kauthenga kamodzi komwe kamalankhula momveka: Outlook imatha kukudziwitsani, ndi mutu woyamba ndi Not read, kuti imelo yanu yafufutidwa isanatsegulidwe. Ngakhale apo, pumani kaye. N'kutheka kuti munthuyo anamva kale nkhaniyo kwa wina, kapena anaona mutu wokha n'kukhutira.

Choncho malangizo anga ndi akuti lisiti muzilipempha mwa apo ndi apo, pa uthenga womwe ulidi ndi nthawi yake: kusintha kwa tsiku la msonkhano, chidziwitso cha tsiku lomaliza kupereka zikalata, ndi zina zotero. Limagwira bwino kwambiri pakati pa anthu a bungwe limodzi, omwe onse ali pa pulogalamu imodzi. Outlook yakale ya pa kompyuta (classic Outlook) ili ndi malo, pa File, Options, Mail, kenako Tracking, pomwe mungatchere kuti imelo iliyonse yochoka kwa inu izipita ndi pempho la lisiti. Ine ndikuti pasiyeni pomwepo. Munthu yemwe uthenga wake uliwonse, ngakhale wa moni, umabwera ndi kafunso koti “mutumize lisiti?” amatopetsa, ndipo anthu amayamba kumangodina ayi osaganiza. Tsiku lomwe mudzalifune zenizeni, adzakananso mwachizolowezi. Enanso amaliona ngati kuwalonda, makamaka likachokera kwa munthu wosamudziwa kapena kwa wamng'ono kupita kwa wamkulu. Polemba kalata yofunsira ntchito ndibwino kulisiya. Musalipemphenso potumiza uthenga ku gulu: anthu 60 akakhala pa mndandanda, mwadziitanira timauthenga tambirimbiri tomwe tidzakwirire maimelo enieni, komabe simudzadziwa za omwe sanayankhe.

Ngati nkhani ndi yoti simungagone osadziwa, pemphani yankho la munthu, osati la makina. Lembani mumzere woyamba weniweni, osati kumapeto komwe ambiri safikako: “Chonde mukalandira mundiyankhe ndi mawu amodzi okha, pofika Lachinayi masana.” Yankho loti “ndalandira, zikomo” limachokera m'dzanja la munthu yemwe waona zomwe mwalemba, ndipo limalemera kuposa malisiti khumi. Likapanda kubwera pa nthawiyo, imbani foni. Pa nkhani za mgwirizano kapena za milandu, pomwe mawa wina angadzakane kuti sanauzidwe, musatsamire lisiti lokha. Funani yankho lolembedwa kapena siginecha.

Mbali inayo ndi ya inu monga wolandira, ndipo ambiri sanayambe aionapo. Pa malo omwe aja a Tracking mu Outlook pali zosankha zitatu: kutumiza lisiti nthawi zonse, kusatumiza konse, kapena kuti pulogalamu izikufunsani nthawi iliyonse. Sankhani yachitatuyo. Kutumiza nthawi zonse kuli ndi vuto lake lalikulu: anthu otumiza mauthenga achinyengo amaponya maimelo ku ma adiresi ochuluka osadziwa kuti amoyo ndi ati, ndiye lisiti lanu likabwerera kwa iwo mwawauza nokha kuti adiresi iyi ili ndi mwini ndipo amatsegula. Mawa akuchulukirani. Choncho kafunso kaja kakatulukira pa imelo ya munthu wosamudziwa, kanani, palibe chomwe mwalakwa. Thunderbird pamenepa inaganiza bwino, chifukwa pa Return Receipts m'makonzedwe ake imakulolani kusiyanitsa: chochita ngati dzina lanu silili pa To kapena pa Cc (mizere yolembapo olandira imelo), chochita ngati wotumiza ndi wa kunja kwa bungwe lanu, ndi chochita pa ena onse. Mukhoza kukaniratu awiri oyambawo, n'kusiya kuti izikufunsani pa otsalawo. Koma ngati ndi akaunti ya kuntchito, nthawi zina woyang'anira makompyuta amakhala atatchera kale kuti malisiti a pakati pa ogwira ntchito azipita okha. Mufunseni kuti mudziwe pomwe mwaima.

Mnzanu wa kuntchito akapempha lisiti pa nkhani yomveka, musaumire. Dinani inde, kapena koposa apo muyankheni mzere umodzi.

Palinso njira ina yomwe siipempha chilolezo, ndipo muyenera kuidziwa. Makampani otsatsa malonda, ndi timapulogalamu tina towonjezera pa imelo, amabisa mu uthenga kachithunzi kakang'ono kwambiri, kadontho kamodzi kosaoneka ndi maso. Mukatsegula imelo, chipangizo chanu chimakatenga kachithunziko ku seva yawo, iwo n'kulemba kuti mwatsegula, nthawi yakuti. Inu simufunsidwa kanthu. Kudziteteza kwake n'kuletsa zithunzi kuti zisamatseguke zokha. Pa Gmail pitani pa Settings, pa gawo la Images, musankhe Ask before displaying external images. Apple nayo mu 2021 inabweretsa Mail Privacy Protection, yomwe imatengeratu zithunzizo kudzera m'maseva ake kaya munthu watsegula kaya ayi, moti wotumiza amaona ngati imelo yatsegulidwa pomwe mwini wake sanaikhudze. Ndiye amene akuganiza zoika timadontho timeneti m'maimelo opita kwa anzake adziwe kuti akulonda anthu mobisa, komanso zomwe akuuzidwazo n'zosadalirika.

Malisiti omwe mwalandira asamangomwazika m'bokosi lanu. Tsegulani foda yawoyawo. Mu Outlook, pa Tracking pomwe paja, pali poti musankhe foda yomwe malisiti azisamukira okha akatha kulembedwa, ndipo mukatsegula imelo yomwe munatumiza ija mu Sent Items mudzapeza batani la Tracking losonyeza mayina a omwe malisiti awo abwera ndi nthawi yake. Batanili limaonekera pokhapokha lisiti limodzi litafika, ndiye likasowa musadabwe. Pa nkhani zikuluzikulu sungani lisiti pamodzi ndi imelo yake komanso yankho lomwe munthuyo analemba. Otsalawo, ntchito yawo ikatha, afufuteni.