Musanasankhe dziko, yang'anani kaye mapepala anu

Abale anga a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose mumzinda wa Harare kuno ku Zimbabwe, ambiri mukamaganiza zosamuka mumayamba kufunsa za malipiro. Yambani ndi chitupa chanu. Ngati makolo anachokera ku Malawi ndipo chitupacho chidalembedwabe kuti "alien", pitani ku ofesi ya Registrar General mukakonze. Malamulo a dziko a 2013 amakuzindikirani ngati nzika mukakhala kuti munabadwira muno, ndipo popanda kukonza chitupacho pasipoti ivuta.

Kenako funsani ngati dziko limene mukufuna kupitako limalola kutenga banja. Ku UK, kuyambira March 2024 osamalira okalamba saloledwa kupita ndi mkazi, mwamuna kapena ana, ndipo mu July 2025 anasiya kulemba atsopano ochokera kunja. Wina akamakuuzani kuti mulipire madola kuti akupezereni ntchito imeneyo, akukuberani. Zimandiwawa kuona anthu akugulitsa nyumba chifukwa cha bodza lotere.

Ku Oman ndi Kuwait, wantchito zapakhomo amamangiriridwa kwa bwana mmodzi, ndipo ambiri amalandidwa pasipoti akangofika. Ana athu aakazi asapiteko mwa njira ya ma ejenti a pa Facebook.

Malipiro muziwayerekeza ndi lendi ya kumeneko. Funsani munthu amene akukhalako kale kuti pakutha pa mwezi zimamutsalira zingati.