Kuwomba m'manja kumathandiza odwala Parkinson's kuyenda, nayi njira yake

Amene mukusamalira agogo kapena bambo odwala Parkinson's (matenda a muubongo onjenjemeretsa ndi kuumitsa thupi) mukudziwa zimene zimachitika, akuyenda bwinobwino kenako pakhomo penipeni miyendo yangokanirira pansi ngati yamatidwa. Si dala ayi. Matendawa amapha maselo opanga dopamine (kemiko yothandiza kuyendetsa thupi) muubongo nde mbali imene imayendetsa miyendo tisakuganizira imafooka, koma makutu ali ndi njira yawo yofikira ku mbali zolamula minofu, nchifukwa chake ng'oma ikalira phazi limayamba lokha kugunda pansi.

Nde poyamba awerengeni masitepe amene akuponda pa mphindi imodzi akamayenda mwa masiku onse. Kenako dawunilodani metronome (app yolira "tiki, tiki" pa liwiro losasintha) pa foni, zaulere zilipo zambiri, muyike pa nambala yomweyo, olo kungowomba m'manja kumagwira bola musamathamange kapena kudukiza. Phazi lililonse litsike pa kugunda kumodzi. Yambani pabwalo posesa bwino, popanda miyala kapena mphasa yoti nkuwakola, inu muli pambali pawo.

Akakanirira chonde musawakoke dzanja, apa mpamene ambiri amagwa. Auzeni ayime kaye, apume, ayendetse thupi kumanzere kumanja uku mukuwerenga mokweza "wani, thuu, wani, thuu" kenako aponye phazi lalikulu. Pokhota asapotoloke pamalo amodzi, azungulire motakasuka.

Nyimbo ya kwaya imene amaikonda imathandizanso bola ikhale ya bit (kagundidwe) yomveka, ndipo ine ndimaona kuti imawapatsa mtima kuposa foni ija. Mankhwala asasiye, ndipo mukapita kuchipatala afunseni a fizio (othandiza odwala ndi mafizo) akuwonetseni liwiro lowayenera.