Mwana wanu akagwidwa ndi apolisi: zochita m'maola 48 oyamba

Uthenga ukafika woti mnyamata wanu ali m'chitolokosi ku Luchenza kapena pa boma pa Thyolo chifukwa amupeza ndi thumba la makadamiya, musayambe ndi kusaka ndalama. Yambani ndi kusaka pepala losonyeza zaka zake.

Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo mlandu wake umayendera lamulo la 2010 la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana. Wosakwana zaka 10 saimbidwa mlandu. Wa zaka 10 koma wosafika 14, oimba mlandu ayenera kusonyeza kuti ankadziwa kuti zimene akuchitazo n'zolakwa. Koma zonsezi zimagwira ntchito ngati zaka zalembedwa molondola pa fayilo. Apa ndi pamene ana ambiri amagwera m'dzenje: mnyamata wa zaka 16 wojintcha chifukwa cha maganyu amaoneka wamkulu, akangolembedwa 19 amatsekeredwa pamodzi ndi akuluakulu, ndipo kukonza nambala imeneyo pambuyo pake ndi ntchito yolemetsa. Tengani kalata ya kubadwa. Ngati palibe, khadi ya kusikelo, khadi ya ubatizo kapena kalata ya a hedi a kusukulu yonena tsiku lobadwa lili m'kaundula zimathandiza. Tsiku likhale limodzi pa mapepala onse. Mayi akanena china, malume china, mwaluza umboni wanu nokha. Zonse zikasowa, pemphani kuti dokotala amuyeze zaka.

Kupolisi apite kholo kapena womulera, kaya ndi mwini mbumba. Mwana asafunsidwe mafunso ali yekha, ndipo asasayine kapena kudinda chala pa sitetimenti imene sanamuwerengere m'chinenero chimene amamva. Funsani dzina la wapolisi amene akufufuza ndi mlandu weniweni umene walembedwa, mulembe pamodzi ndi tsiku ndi ola limene mwanayo anagwidwa. Olalo n'lofunika chifukwa maola 48 asanathe ayenera kukhala atatulutsidwa kapena kuonekera kwa majisitireti. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Wina akatchula mtengo, kaonaneni ndi mkulu wa polisiyo.

Tsiku lomwelo dziwitsani a ofesi ya zachisamaliro cha anthu pa boma. Iwo ndi amene amalemba lipoti la mmene mwana akukhalira kwawo, ndipo khoti la ana limalidalira kwambiri. Lipoti likachedwa, mwana amangokhala m'manja mwa boma. Auzeni zoona, ngakhale zochititsa manyazi monga kuti anasiya sukulu kapena amagona kumsika.

Kenako funsani za kupatutsa mlandu, kutanthauza kuuthetsa osauzenga m'khoti. Zimatheka pa milandu yaing'ono, mwana akavomera yekha kuti analakwa. Akhoza kuuzidwa kupepesa, kubweza chimene anatenga, kulandira uphungu kapena kugwira ntchito yothandiza mudzi. Milandu ikuluikulu monga kupha ndi kugwirira sipatutsidwa. Chonde musamukakamize kuvomera zimene sanachite pofuna kuti nkhani ithe msanga. Akakana, mlandu upite kukhoti, ndipo mupemphe loya ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya. Alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI, amene amayendera zitolokosi ndi ndende, angakuthandizeninso, ndipo nambala ya 116 yothandiza ana mumaimba osalipira.

Mwana akatuluka, ntchito yatsala kwa inu. Lembani tsiku la khoti pakhoma ndipo sungani ndalama ya thiransipoti pasadakhale, makamaka ngati mumachokera kutali ngati ku Thekerani kapena ku Muloza. Kumutumiza kwa achibale ku Mozambique kuti akabisale kumaipitsa zinthu, chifukwa khoti limalamula kuti agwidwenso, ndipo mwayi wa belo umachepa. Zimene anagwirizana pa kupatutsa mlandu zikalephereka, mlandu umabwerera kukhoti, ndipo khoti likhoza kumutumiza kusukulu yosinthira khalidwe ku Mpemba kapena ku Chilwa, kumene ambiri a kuno amavutika kukamuona ngakhale kamodzi pa mwezi.